Ziwerengero za Zofufuza pa Intaneti: Nchito Yake ndi Malire Ake pa Kafukufuku wa Cinyanja

1.0 Mau Oyamba

Munthu akafuna kudziwa kanthu masiku ano, kawirikawiri amatenga foni ndi kulemba mau awiri kapena atatu m'kabokosi ka makina ofufuzira a pa intaneti. Mau amenewo satayika. Makampani osunga makinawo amawawerenga, ndipo imodzi mwa makampaniwa, Google, imaonetsa poyera mbali ina ya ziwerengerozo kudzera m'cida cochedwa Google Trends. Cidaci cinayamba kugwira nchito mu Meyi 2006, ndipo zimene cinasunga zimabwerera m'mbuyo mpaka caka ca 2004. Popeza ndi caulere ndiponso cosavuta, ophunzira ocita kafukufuku, atolankhani ndi ofalitsa nkhani pa intaneti amacikonda kwambiri.

Ngozi imene tikuiona ndi iyi. Wofufuza angalembe liu la Cinyanja m'cidaci, naona mzere utagona pa 0 zaka zonse, ndipo angagamule kuti liulo linafa, kapena kuti palibe wofuna kuwerenga Cinyanja pa intaneti. Wofalitsa nkhani akamva cigamulo cotere aleka kulemba m'Cinyanja. M'nkhani ino tifotokoza m'mene ziwerengerozi zimapangidwira, cifukwa cake zimasokonezeka pa cilankhulo cathu, ndi m'mene tingazigwiritsire nchito mosadzinyenga. Mfundo yathu ndi yakuti ziwerengerozi zimatilozera kumene tiyenera kukafufuza, koma pazokha sizikwanira kukhala umboni wa moyo kapena imfa ya liu.

2.0 Tanthauzo la Nambala Zimene Timaona

Cinthu coyamba cofunika kucimvetsa ndi cakuti Google Trends sionetsa ciwerengero ceniceni ca anthu amene anafufuza liu. Imaonetsa nambala zoyambira pa 0 kulekeza pa 100, ndipo nambalazi zimapezeka motere. Cidaci cimatenga ciwerengero ca nthawi zimene liu linafufuzidwa m'dera lina pa nyengo ina, ndi kucigawa ndi ciwerengero ca zofufuza zonse za m'dera lomwelo pa nyengo yomweyo. Kenaka nyengo imene gawolo linali lalikulu koposa imapatsidwa 100, ndipo nyengo zina zonse zimayesedwa poyerekeza ndi imeneyo.

Tiyeni tipereke citsanzo congoyerekeza. Tinene kuti mwezi woyamba panali zofufuza zonse 1,000,000, ndipo 200 mwa izo zinali za liu lakuti cimanga. Mwezi waciwiri zofufuza zonse zinafika 2,000,000, ndipo za cimanga zinali 300. Ofufuza za cimanga anaculuka, koma gawo lao linacepa, cifukwa 200 pa 1,000,000 iliyonse ndi ambiri kuposa 150 pa 1,000,000 iliyonse. Motero cidaci cidzaonetsa 100 pa mwezi woyamba ndi 75 pa waciwiri. Wosadziwa zimenezi adzalemba kuti cidwi ca anthu pa cimanga cinatsika, pamene ofufuzawo anaonjezeka. Cenjezo limeneli ndi lofunika kwambiri m'dziko ngati lathu, m'mene intaneti inayamba ndi anthu owerengeka pamene ZAMNET inakhazikitsidwa pa University of Zambia mu 1994, ndipo kenaka inafalikira kwa anthu ambiri kudzera m'mafoni. Anthu amene anali kufufuza mu 2006 si gulu limodzi ndi amene anali kufufuza mu 2020.

Caciwiri, cidaci siciwerenga zofufuza zonse. Cimangotapako, monga m'mene wogula cimanga amatapira dzanja limodzi m'thumba kuti aone ngati muli anankafumbwe. Pa mau ofufuzidwa ndi anthu miyandamiyanda, kutapako kumapereka cithunzi cabwino. Pa mau ofufuzidwa ndi anthu ocepa, dzanja la lero limasiyana ndi la mawa, kotero kuti funso limodzimodzi lingapereke mizere yosiyana pa masiku awiri osiyana.

Cacitatu, Google yokha imanena kuti pali zimene imacotsa. Mau amene anafufuzidwa ndi anthu ocepa kwambiri amalembedwa 0. Munthu mmodzi akabwereza funso limodzimodzi m'kanthawi kocepa, zobwerezazo siziwerengedwa. Ndiponso mafunso okhala ndi cizindikiro ca nkhodolero (') kapena zizindikiro zina zapadera amasefedwa. Conco 0 satanthauza kuti palibe amene anafufuza. Amatanthauza kuti ofufuzawo sanafike pa mlingo umene cidaci cimayambira kuonetsa.

Cacinai, kasonkhanitsidwe ka ziwerengerozi kamasintha. Pa mizere yake cidaci cimaika tizindikiro tosonyeza kusintha kumene kunacitika pa 1 Januwale 2011, pa 1 Januwale 2016 ndi pa 1 Januwale 2022. Mzere ukalumpha pa masiku amenewa, tisathamangire kunena kuti khalidwe la anthu ndilo lasintha.

3.0 Phunziro la ku United States of America

Mbiri ya cida cina cochedwa Google Flu Trends imationetsa mphamvu ndi kufooka kwa ziwerengero zotere. Cidaci cinayamba mu Novembala 2008, ndipo Jeremy Ginsberg ndi anzake anafotokoza njira yake m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2009. Iwo anayesa mafunso 50 miliyoni, nasankhapo 45 amene kukwera ndi kutsika kwake kunali kugwirizana ndi ciwerengero ca odwala fuluwenza cimene bungwe la boma loona za matenda, Centers for Disease Control and Prevention, linali kufalitsa. Ciyembekezo cinali cakuti mliri udzadziwika msanga, malipoti a zipatala asanafike.

Poyamba zinaoneka ngati zatheka. Koma mu 2009 cidaci cinalephera kuona bwino mliri wa H1N1, umene unabwera kunja kwa nyengo yozizira, ndipo kumayambiriro kwa 2013 cinanena ciwerengero coposa kuwirikiza kawiri ca cimene bungwe lija linapeza. Mu 2014 David Lazer ndi anzake anaonetsa m'magazini ya Science kuti pa masabata 108 oyambira mu Ogasiti 2011, cidaci cinakuza ciwerengero pa masabata 100. Mu 2015 Google inaleka kufalitsa ziwerengero zimenezi.

Zifukwa zake zikutikhudza ife a zilankhulo. Munthu wofufuza za cifuwa sikuti nthawi zonse akudwala. Mwina wangomva za mliri pa wailesi. Mau ena mwa osankhidwawo anali kungotsatira nyengo yozizira, osati matendawo. Komanso makina ofufuzirawo anali kusinthidwa, nayamba kupatsa anthu mau oti asankhepo asanamalize kulemba, motero makinawo anali kuumba mafunso omwewo amene anali kuwerenga. Ngati zotere zinacitika pa Cingerezi, m'dziko la ofufuza mamiliyoni ambiri, tiyenera kusamala koposa pa Cinyanja. Izi sizitanthauza kuti ziwerengerozi ndi zopanda pake. Hyunyoung Choi ndi Hal Varian anaonetsa mu 2009 kuti zimathandiza kudziwa msanga m'mene malonda a magalimoto ndi maulendo akuyendera. Koma iwo anazigwiritsa nchito moonjezera pa ziwerengero zina zodalirika, osati m'malo mwa izo.

4.0 Zovuta za pa Cinyanja

4.1 Kalembedwe kawiri

Cilankhulo cathu cimalembedwa m'njira ziwiri zovomerezeka. Ku Malawi, kumene dzina lakuti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968, malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973 ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuno ku Zambia timatsata kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977. Taonani kusiyana kwake, Zambia kumanzere ndi Malawi kumanja:

(1) cifukwa, chifukwa
(2) nchito, ntchito
(3) mau, mawu

Tikalemba liu m'cidaci, ico sicionjezerapo kalembedwe kena, mau olakwitsidwa, kapena mau ofanana nalo tanthauzo. Kwa ico cifukwa ndi chifukwa ndi mau awiri osadziwana. Ngati ofufuza a liu limodzi agawikana pawiri kapena patatu, gulu lililonse lingagwe pansi pa mlingo uja, ndipo tidzaona 0 paliponse. Palinso msampha wina:

(4) kuchedwa

Kwa wotsata kalembedwe ka ku Zambia, liu la mu (4) limanena za kupatsidwa dzina. Kwa wotsata ka ku Malawi limanena za kusafika msanga. Ndipo popeza anthu ambiri a ku Lusaka ndi ku Chipata sanaphunzire kulemba Cinyanja kusukulu, kapena anazolowera zolembedwa za ku Malawi, sitingaganize kuti aliyense wofufuza ali m'Zambia amatsata malamulo a 1977. Dzina la cakudya cathu limapezeka ngati nsima ndiponso nshima, ndipo dzina la cilankhulo ceniceni limalembedwa Cinyanja, Chinyanja, Nyanja, Cicewa, Chichewa kapena Chewa.

4.2 Nkhodolero

M'Cinyanja nkhodolero si cokometsera. Imasiyanitsa liu la m'mphuno la mu ng'oma ndi liu la mu ngoma, nyama ya m'thengo ija. Imapezekanso m'mau ofupikitsidwa monga m'mudzi ndi m'nyumba. Popeza mafunso okhala ndi cizindikiro cimeneci amasefedwa, mau monga ng'ombe, ng'anga ndi pang'ono angaoneke ocepa kuposa m'mene alili. Amene amawerengedwa mosakaika ndi aja amene analemba ngombe cifukwa ca changu kapena cifukwa cosapeza cizindikiroco pa foni. Wofufuza za kalembedwe akatenga zimenezi ngati umboni wakuti anthu aleka kulemba nkhodolero, adzakhala atayeza sefa ya cidaci, osati khalidwe la anthu. Dzina la mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni nalonso lili pa vuto lomweli, pakuti limalembedwa Nc'wala, N'cwala ndi Ncwala.

4.3 Kapangidwe ka mau

Mneni wa Cinyanja amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani m'liu limodzi. Kuchokera ku tsinde limodzi timapeza mau ambiri:

(5) kuphika, ndaphika, tidzaphika, anawaphikira, kaphikidwe, zophikaphika

Maina nawonso amasintha kumayambiriro: mudzi, midzi, kamudzi, cimudzi. Wofuna kudziwa kaphikidwe ka cikanda angalembe funso lake m'njira khumi, ndipo cidaci cidzaziwerenga zonse padera. Motero lingaliro limodzi limamwazikana m'timagulu ting'onoting'ono, zimene sizicitika pa mlingo womwewo m'Cingerezi, m'mene mneni amakhala ndi maonekedwe owerengeka cabe. Kuyerekeza liu limodzi la Cinyanja ndi liu limodzi la Cingerezi ndi mpikisano wokondera.

4.4 Mau olembedwa mofanana

Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu. Conco mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa feteleza zimalembedwa mofanana, monganso khungu la thupi ndi khungu la maso. Mau ena amakumana ndi a zilankhulo zina: kale ndi dzinanso la ndiwo zamasamba m'Cingerezi, moto ndi dzinanso la mtundu wa mafoni a kampani ya Motorola, ndipo chipata, m'kalembedwe ka ku Malawi, ndi khomo komanso mzinda wa kum'mawa. Mzere wokwera pa mau otere sutiuza tanthauzo limene wofufuza anali nalo m'mutu.

4.5 Amene amafufuza ndani?

Vuto lalikulu koposa si la zilembo. Wofufuza amalemba m'cilankhulo cimene akuyembekezera kupezamo yankho. Mphunzitsi wa ku Katete amene amalankhula Cicewa kunyumba, kumsika ndi kuchalichi, akafuna kudziwa za matenda a nkhuku adzalemba m'Cingerezi, cifukwa anayesapo m'Cinyanja osapeza kanthu. Apa pali kuzungulira: zolembedwa zikacepa, ofufuza amacepa, ofufuza akacepa, ofalitsa amati palibe msika, ndipo zolembedwa zimacepabe. Pamenepo ziwerengero zikuyeza kusowa kwa zowerenga, osati kusowa kwa owerenga. Tikumbukirenso kuti okalamba, osadziwa kulemba ndi okhala kumene netiweki sifika saoneka konse m'ziwerengerozi, ndipo ambiri amafunsa mafunso ao kwa anzao pa WhatsApp ndi pa Facebook, kawirikawiri mwa mau apakamwa.

5.0 Kagwiritsidwe Nchito pa Kafukufuku

Poganizira zonsezi, tikupereka malangizo otsatirawa kwa ophunzira ndi owayang'anira.

(a) Lembani kalembedwe konse ka liu musanatsegule cidaci, ndipo kaphatikizeni ndi cizindikiro ca +, mwacitsanzo nchito + ntchito. Cizindikiroci cimauza cidaci kuti ciwerenge funso lililonse lokhala ndi limodzi mwa mauwo. Cizindikiro ca - cimacotsa tanthauzo losafunika likakhala ndi liu lolizindikiritsa.

(b) Ikani mau onse oyerekezedwa m'funso limodzi. Cidaci cimalola magulu a mau owerengeka cabe pa nthawi imodzi. Nambala 100 ya pa cithunzi cimodzi siyofanana ndi 100 ya pa cithunzi cina.

(c) Bwerezani funso lomwelo pa masiku angapo. Ngati mizere ikusiyana kwambiri, ziwerengerozo ndi zocepa, ndipo musamangepo mfundo.

(d) Lembani tsiku, dziko, nyengo ndi mau enieni amene munagwiritsa nchito, ndipo sungani zotsatira zake, kuti wina athe kubwereza nchito yanu.

(e) Yesani cidaci pa cinthu cimene mukucidziwa kale. Mwambo wa Kulamba umacitika ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo Nc'wala imacitika kumapeto kwa Febuluwale. Ngati mzere sukwera pa miyezi imeneyi, ndiye kuti cidaci sicikuona bwino pa mlingo umenewo, ndipo sicingakhulupirike pa mau ocepa kuposa apa.

(f) Musasokoneze ciwerengero ca ofufuza ndi ciwerengero ca masamba amene makina amati apeza. Coyamba cimanena za ofunsa, caciwiri za olemba. Adam Kilgarriff anacenjeza mu 2007 kuti ziwerengero za masamba zimasinthasintha ndipo wofufuza alibe njira yozitsimikizira.

(g) Tsimikizani zimene mwaona ndi umboni wina: nkhokwe ya zolembedwa, zojambula za pa wailesi, kapena kufunsa eni cilankhulo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo cida cimodzi sicisenza cigamulo.

Mafunso amene cidaci cingathandizepo ndi okhudza mau ochuka, nyengo zake ndi madera ake: maina a miyambo, a zakudya, a oimba, ndiponso kupikisana kwa maina a cilankhulo ceniceni pakati pa Zambia ndi Malawi. Mafunso okhudza tanthauzo, malamulo a cilankhulo kapena kufa kwa liu amafuna njira zina.

6.0 Kagwiritsidwe Nchito pa Kufalitsa

Wofalitsa pa intaneti amafuna kudziwa zinthu ziwiri: cimene anthu akufuna, ndi mau amene angacifunire. Pa coyamba, tikulangiza kuti ayang'ane mafunso a m'dziko lake m'cilankhulo ciliconse, pakuti funso la Cingerezi lonena za zotsatira za mayeso, za mtengo wa feteleza kapena za kolera limaonetsa cosowa cimene cingayankhidwe m'Cinyanja. Ziwerengerozi zimathandizanso pa nthawi: nkhani ya kasungidwe ka cimanga ituluke ofufuza asanayambe kuculuka, osati pambuyo pake.

Pa caciwiri, wolemba atsate kalembedwe kamodzi m'nkhani yonse, koma achule kalembedwe kenako kamodzi pafupi ndi ciyambi, kuti wa ku Lilongwe ndi wa ku Tete nayenso aipeze. Mutu wa nkhani ukhale ndi liu limene munthu wamba angalembe. Koma tisalole ziwerengero kutilamulira kalembedwe kapena kutisankhira nkhani zonse. Wotsata kuchuka kokha sadzalemba za miyambi, za maina a mitengo kapena za mbiri ya mafumu, ndipo zimene sizinalembedwe sizingafufuzidwe.

Njira yodalirika koposa ndi kusunga ziwerengero zathuzathu. Tsamba lokhala ndi kabokosi kake kofufuzira limalemba liu lililonse limene mlendo wafuna, ngakhale atakhala mmodzi yekha, pamodzi ndi mau amene sanapezeke. Gilles-Maurice de Schryver ndi David Joffe anacita zimenezi mu 2004 pa mtanthauziramau wa pa intaneti wa Cisotho ca Kumpoto. Mu 2006 iwo ndi anzao anapenda wa Ciswahili, napeza kuti kupyola mau zikwi zowerengeka zoyambirira, kuculuka kwa liu m'zolembedwa sikunali kusonyeza ngati anthu adzalifuna. Mu 2019 De Schryver ndi anzake ena anabwereza nchitoyi ndi zosungidwa za zaka khumi, ndipo anapeza kuti mgwirizanowo ulipo ndithu. Apa pali maphunziro awiri: kaundula wotere amayankha mafunso amene Google Trends singayankhe, ndipo cigamulo comangidwa pa ziwerengero zocepa cingasinthe zikaculuka. Mau osapezeka m'kaundula amauza wolemba mtanthauziramau zimene ayenera kuonjezera, ndiponso amauza mphunzitsi pamene ana amapunthwa polemba. Wikipedia nayonso imapereka ciwerengero ceniceni ca otsegula tsamba lililonse kuyambira mu Julayi 2015, kuphatikizapo masamba a m'cilankhulo cathu.

Kaundula wotere amafuna cisamaliro. Mu 2006 kampani ya AOL inatulutsa mafunso pafupifupi 20 miliyoni a anthu oposa 650,000, itacotsa maina ao ndi kuikapo manambala. M'masiku ocepa atolankhani a New York Times anazindikira mmodzi wa anthuwo pongowerenga mafunso ake. Munthu amafunsa makina zimene sangauze mnansi wake. Conco tisunge mau ndi ziwerengero zake, koma tisasunge ciliconse columikiza mafunso angapo kwa munthu mmodzi.

7.0 Mau Omaliza

Taona kuti nambala ya pa Google Trends ndi gawo loyerekeza, lotengedwa pa zotapa, ndipo losefedwa m'njira zimene zimapweteka cilankhulo ca kalembedwe kawiri, ca nkhodolero ndi ca aphatikiri ambiri. Taonanso kuti wolankhula Cinyanja amafufuza m'Cingerezi pamene sakuyembekezera yankho m'cilankhulo cake. Cotero 0 wa pa cithunzi si cifukwa colekera kulemba. Nchito imene ili patsogolo pa madipatimenti athu ndi yooneka: kukonza mndandanda wa mau olembedwa mosiyana ku Zambia ndi ku Malawi, kuika zolembedwa zathu pa intaneti m'njira yoti makina azitha kuziwerenga, ndi kusunga kaundula wa zimene owerenga athu amafuna. Tikatero, pakapita zaka zingapo tidzakhala ndi ziwerengero zoyenera kuyezera Cinyanja.